Njala ya Abla

Ndinapeza makoswe atatu akuyandama m'beseni losambitsira mwana. Anali oyera, ouma gwa, michira itapindika momwe inaumira mufiriji.

"Bambo a Selasi!" ndinakuwa.

Elikem, mwamuna wanga, anatulukira atanyamula ketulo. "Usakuwe, Enyonam. Umudzidzimutsa."

Sankanena mwana wathu. Ankanena Abla, nsato yake.

Abla ndinamupeza kale m'nyumba ija ku Ashaiman pamene ndinkakwatiwa. Ankakhala m'bokosi la galasi lomwe linatenga khoma lonse la pabalaza. Elikem anamugula ali ngati lamba wa buluku, koma tsopano anali atapitirira kutalika kwa chitseko, pakati pake ngati ntchafu yanga. Mufiriji, pansi panali pa makoswe ake, pamwamba nsomba zathu ndi tsabola. Zonsezi ndinali nditazizolowera. Koma chibadwire Selasi, Abla anasiya kudya.

"Beseni la Abla lija labooka," Elikem anatero akuthira madzi ofunda. "Ndilitsuka, si nkhani."

"Simungangowawiritsa mumphika wakale uja?"

"Ukufuna undiphere Abla? Madzi owira amapsereza kunja, m'kati mukadali mwala. Ayenera kusungunuka pang'onopang'ono, kenako afunde ngati amoyo."

Anavuula mmodzi, namufinya pamimba kuti amve ngati wafewa. Kenako anamugunditsa pamkono, pamalo pomwe ine ndinkayesera mkaka wa m'botolo. Anamugwira mchira ndi chopanira chachitali n'kumuvinitsa pamaso pa Abla. Njokayo sinatukule n'komwe mutu. Madzulo makoswe onse anatayidwa kudzala, monga zinkakhalira mlungu uliwonse.

Masiku amenewo Elikem anayamba kuonda. Akaweruka kudoko ku Tema, ankagwada kaye pagalasi asanamuone mwana. Banku, nsima ya kwathu kuno, ndikamuikira ankangoibowola ndi chala.

Tsiku lina anandituma kwa Mayi Adukwei ku Nungua, amene ankaweta makoswe kuseri kwa nyumba n'kumagulitsa oumitsa kwa anthu osunga njoka. Ndinakwera trotro, minibasi ya kwathu kuno, Selasi ali kumsana.

"Ndiwe mkazi wa wamisala wa kudoko uja?" anandilandira akuseka, akutsegula firiji yaikulu. "Nanga mkazi mnzako ali bwanji? Amakusiyirako mwamuna?"

"Wanyanyala chakudya, mayi."

"Zimachitika, nyengo ikasintha. Kuyambira liti?"

"Chibadwire uyu."

Kuseka kuja kunathera panjira. Anatseka firiji asanatulutse kanthu.

"Yafika pati tsopano?"

Ndinawaonetsa ntchafu yanga.

"Imeneyo si ya makoswenso ayi. Ndinamuuza kalekale kuti ayambe mbira kapena nkhuku, koma mwamuna wako makutu anasiya kwawo." Anapukuta manja pansalu, nazungulira kumbuyo kwanga. Anaweramira pamutu pa Selasi ngati mmene amachitira anthu akuluakulu akaona khanda. Koma anakhalitsa. Ndinamva akukoka mpweya kawiri.

"Mumasungunulira muti?"

Ndinawauza.

"Pulasitiki sataya fungo, mwana wanga, ngakhale ukweche ndi phulusa. Iwe sungalimve. Ine ndakhala nazo zinthuzi mpaka imvi izi, ndikulimva. Njoka siona nkhope, sidziwa kuti uyu ndi mwana wa bwana. Imalawa mphepo ndi lilime, imamva kufunda. Chofunda chonunkha khoswe, kwa iyo ndi khoswe basi."

"Koma galasi limakhala lotseka."

"Limatseguka podya." Anatsegulanso firiji n'kundipanikiza phukusi lozizira m'manja. "Kagule beseni lina lero lomwe. Ndipo galasilo likatseguka, mwana asapezeke m'nyumba."

Beseni ndinagula. Selasi ndinamusambitsa mpaka analira, ndipo mawu onse ndinamufikitsira Elikem. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi aja amaopseza aliyense. Abla ndamulera ndi manja angawa. Wagonapo pakhosi panga, iwe usanandidziwe n'komwe."

Lamlungu masana ndinali panja ndikukazinga nsomba pambaula pamene Selasi anadzuka kuchipinda n'kuyamba kulira. Ndinalowera khomo lakumbuyo, ndinamunyamula ali wotentha ndi tulo, ndipo mosaganiza ndinatulukira pabalaza.

Galasi linali lotsegula. Elikem anali atagwada, khoswe akudontha madzi pachopanira.

Abla, amene kwa miyezi anangodzipinda pakona ngati tayala lakutha, anali atatukula mutu. Lilime linkatuluka, kulowa, kutuluka, mofulumira kuposa momwe ndinaonerapo. Khoswe ankamukhudza pakamwa penipeni, koma iye sankamuyang'ana. Mutu unalambalala chopanira n'kuloza kwa ife.

Ndinasuntha phazi kulowera kumanzere. Mutu unanditsatira. Ndinabwerera kumanja. Unabwereranso, mosapupuluma, khosi likudzikoka m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka linapindika. Thupi lonse linayamba kumasuka, mamba akukwecha pamatabwa a m'bokosi ndi kaphokoso konga mchenga ukuthiridwa m'thumba. Selasi anasiya kulira. Ankayang'ana, akutambasula kadzanja.

"Tsekani galasi," ndinanong'ona.

Elikem anacheuka. Anayang'ana ine, anayang'ana mwana, anayang'ananso njoka. Ndinadikira kuti nkhope yake igwe ndi mantha. M'malo mwake inawala.

"Taona, wadzuka! Enyonam, taona, akufuna kudya!"

"Ndati tsekani!"

"Ima pomwepo, usasunthe. Ndikabweretsa khoswe pakati panu agwira." Anakwawa ndi maondo, naika chopanira pakati pa njoka ndi ife. Mutu wa Abla unali utatuluka kale m'bokosi, ukulendewera pamwamba pa simenti. "Sendera pang'ono. Pang'ono chabe, mayi a Selasi, ndili pompano ine. Ukuopa chiyani?"

Mawu ake anali ofewa, omwe aja ankandinyengerera nawo tili pachibwenzi.

Ndinayenda chobwerera, osachotsa maso pa lilime lija, mpaka msana unagunda chitseko. Ndinatuluka wopanda nsapato. Nsomba zinali zitayamba kupserera pambaula, utsi uli tolo pabwalo, ndipo ndinazisiya choncho. Tsiku lomwelo ndinakwera galimoto ya ku Ho kwa mkulu wanga, ndipo m'nyumba ija sindinagonemonso. Selasi tsopano ali kusukulu. Bambo ake amawadziwa pa chithunzi.

Koma tsiku lija, ndisanafike pageti, ndinaima. Ndinkafunabe kumva dzina langa likuitanidwa. Nditagwira mutu wa Selasi ndinaona kuti kachipewa kake kagwera m'nyumba, ndipo ndinasuzumira pazenera.

Elikem anali atakatola. Anakayang'ana kwa kanthawi, ndipo ndinati basi, akubweretsa, atuluka tsopano. Anakhala pansi bwinobwino, natambasula kachipewako pabondo. Kenako anachotsa khoswe pachopanira, namukulunga m'menemo mosamala, n'kuyamba kumupukuta kuyambira kumutu mpaka kumchira.