Ka "Ku" Kamene Foni Inameza

"Bwerezanso, Kopolo. Alamu anati chiyani kwenikweni?"

"Anati ndiku... kenako shwee, kenako ...yembekezera. Basi foni thi."

Dalaivala anatola choko pansi n'kupita pabolodi. Gulu lawo la asilikali linkakhala m'kalasi ya sukulu imene ana anaithawa nkhondo itafika, ndipo bolodiyo ndi yokhayo inalibe bowo la chipolopolo. Analemba mawu awiri, ena pamwamba ena pansi: ndikuyembekezera, ndikukuyembekezerani.

"Waona, Kopolo? Apa alamu athu ali ndi pakati. Apa angokusowa chabe. Kusiyana kwake ndi ku mmodzi ndi ni mmodzi, ndipo onsewo ali pomwe foni yako inatsokomola."

"Mkazi wanga sananditchulepo iwe. Akanakhala kuti akundidikira, ni akanamveka."

"Nanga ngati ni anagwera mu thi?"

"Ndiye yankho n'chiyani?"

"Ine ndimayendetsa lole, achimwene. Mayeso ndinalephera kalekale."

Kopolo sanaseke. Anakhala padesiki la mwana, mawondo m'chibwano, akusenda sokosi imene inamatirira pazilonda za pakati pa zala. Jombo zinali zisanaumepo chiyambire mvula. Madzi akumwa ankanunkha dizilo, mabisiketi ankafuna nyundo, koma zonsezo anali atazizolowera. Chimene chinkamusautsa chinali ka ku kameneka.

Mkazi wake anali atapita padera kawiri. Ulendo wachiwiriwo magazi anakana kusiya, ndipo dokotala anaitanira Kopolo pakhonde n'kumuuza mosapita m'mbali kuti mimba ikadzabweranso ina, mayiwa asadzakhale okha. Kenako kunabwera tchuthi chake, chachifupi ngati kuyasamula. Tsopano mkaziyo anali yekha m'chipinda cha lendi, kuseri kwa chitseko chofufuma chimene chimafuna phewa kuti chitseguke. Kopolo analonjeza kuti achipala asananyamuke. Sanachipale.

Netiweki inkagwira malo amodzi okha, pamwamba pa thanki ya madzi kuseri kwa kalasi. Vuto linali loti munthu wina kutsidya kwa chigwa, amene palibe anamuonapo nkhope, ankaidziwanso thankiyo, ndipo mfuti yake inali ndi diso. Kopolo atangoimba foni ija, mnzawo wina anakwerako, chisoti chake n'kutsika chokha, mwini wake n'kutsatira. Sajeni analetseratu zokwera.

Kopolo anavalanso jombo zonyowazo.

"Iwe, khala pansi," anatero Dalaivala, nthabwala zitamuthera kukamwa. "Ukafera ku, ine pamaliro ndikanena chiyani? Kuti anafera galamala?"

"Ngati ali ndi pakati ndiwauze amayi apite akakhale naye. Mawu awiri basi."

"Mawu awiri ndi omwe akupengetsawa."

"Sajeni akafunsa, ndatsekula m'mimba."

Makwerero a thankiyo anali oterera. Kopolo anafika pamwamba chokwawa, tsaya pachitsulo, dzanja limodzi litakweza foni ngati mwana wodziwa yankho. Kandodo kamodzi ka netiweki kanayaka. Anaimba. Inaitana, inaitananso.

Chinachake chinalira pachitsulo, ndipo madzi anayamba kuthovoka pafupi ndi chigongono chake. Pansi Dalaivala ankatukwana monong'ona, akumutchula mayina onse a nyama.

"Halo?"

Sanali mawu a mkazi wake. Anali a mayi wina wotopa, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka mateyala a bedi lokankha, zitsulo zikugwera m'mbale, wina akufuula kuti athamangire magazi.

"Halo? Ndine namwino. Foniyi taipeza m'chikwama chawo. Abwera okha mayiwa, akutaya magazi, phewa lotupa, palibe wowadikirira. Tikufuna wachibale msangamsanga."

Kopolo anatsegula pakamwa. Chipolopolo chachiwiri chinadutsa pamwamba pa khutu, iye n'kukanikiza nkhope m'madzi, foni ili m'mwamba, kandodo kakuphethira.

"Bambo, mukundimva? Inuyo ndinu ndani wawo?"