Buledi wa Bambo Athe Kaye

Achimwene anali atazula kale pulagi ya filiji yaikulu yogona ija pamene mlongo wawo analowa m'chipinda chosungira katundu. Linali tsiku lachinayi chiikireni bambo m'manda. Nkhani anaigamula okha monga mwana wachisamba: amayi sangatsale okha, manja awo amanjenjemera moti mpeni sagwira. Akakhala kwa iwo, nyumba ino itsekedwe.

Mlongoyo sanatsutse. Anangoti atulutse kaye zam'katimo, zingaonongeke panjira. Atatukula chivundikiro anangoti kakasi.

Munalibe nyama, munalibe nsomba. Munali buledi yekhayekha, timapaketi tosanjikizana ngati njerwa kuchokera pansi mpaka pamwamba. Anatola kamodzi. Kanali kokulungidwa m'pepala, kenako m'pulasitiki wofinyidwa mpweya wonse, kukamwa kwake komangidwa ndi kachingwe kosiya mchira wautali.

"Achimwene, tabwerani mudzaone ntchito ya bambo anu."

Bambo anali munthu amene moyo wake wonse anawotcherera zitsulo, amene ngakhale pokhala ketulo sankapadziwa. Achimwene anati, moseka, mwina mdala ankafuna kutsegula golosale.

Amayi anafika akugwiriza khoma. Anafotokoza mosatekeseka kuti zinayamba tsiku limene adokotala anawauza bambo zoona za matenda awo. Pobwerera bambo anapatukira kwa mayi wophika buledi kubekale kukafunsa mmene buledi angakhalitsire. Mayiyo anati pa shelefu amachita nkhungu, m'filiji wamba amauma, koma ukamudula akadali watsopano n'kumuziziritsa mpaka gwa, amakudikira miyezi. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankagula awiri, wina wodya, wina wodula. Sabata yomaliza ankadula atakhala pansi, akupumira m'mwamba.

"Nanga timichirati?" anafunsa mlongoyo.

"Mfundo iliyonse ankaiyesa atavala magolovesi awo akuntchito aja. Ankati ikamasuka ndi zala zonenepa chonchija, nanenso ndidzaimasula."

Achimwene anayesa kulimba mtima. Anati buledi sangaperekeze munthu kuchipatala, sangamudzutse akagwa m'bafa.

"Sindikukana, mwanangu. Kwanuko ndibwera. Koma buledi wa bambo ako athe kaye."

Onse awiri anasuzumiranso m'filijimo. Mlongoyo anayesa kuwerenga mzere wapamwamba wokha, nalekera panjira.

Amayi anatenga kapaketi kaja nakola mchira wake ndi chala chonjenjemera. Mfundo inamasuka mosavuta. M'katimo munali zidutswa ziwiri zochotsedwa makoko.

"Koma amayi, inu mumadya chimodzi chokha," anatero mlongoyo.

"Ndinawauza. Anati chinacho ndi cha amene wabwera kudzandiona."

Anapereka chidutswacho kwa mwana wawo wamwamuna chikadali chozizira. Achimwene anapukuta manja pa buluku, nachilandira ndi manja awiri.