Chipinda Chopanda Netiweki

Mwanamvua anali atakwera pampando, mkono wogwira foni uli m'mwamba kufupi ndi malata, pamene mlamu wake Shakila anasuzumira pakhomo.

"Mwayamba kuthyola mango m'nyumba, alamu?" anafunsa Shakila uku akuseka.

Nyumbayo anamanga ndi Swadick, mwamuna wa Mwanamvua, ndi ndalama za ku Joni. Inali ya makoma okhuthala, kuseri kwa phiri ku Nkhudzi, ndipo foni inkagwira m'chipinda chakumaso chokha, pawindo. Swadick atangobwerera ku Joni, mchemwali wakeyu anafika ndi katundu, nati chifuwa chake chimafuna mpweya, n'kulanda chipindacho. Mwanamvua, wapakati komanso wotupa miyendo, anamukankhira m'chipinda chosungiramo maukonde. M'menemo mawu ankabwera modukaduka ngati a munthu womira, kenako zii.

Swadick ankaimba masana akapuma kuntchito, nthawi yomwe mkazi wake ankakhala atagona ndi ululu wa msana. Foni ikakanika kulowa, ankaimbira Shakila. Iye ankayankha atatsamira pawindo, mokweza kuti mlamu wake amve.

"Achimwene, foni sizima yokha. Akazi anuwa amaithimitsa akamapita kudoko. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo."

Mwanamvua anadzikoka kukaimbira panja, nafotokoza za makomawo misozi ili chuchuchu. Swadick anangomufunsa kuti nanga ya Shakila imagwira bwanji, nyumba yake yomweyo. Anafunsanso kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati kwenikweni.

Tsiku lina akupita kusikelo, atangofika pamsewu, foni inanjenjemera. Unali uthenga wamawu womwe unatumizidwa dzana. Swadick ankalankhula mosapupuluma, ngati akutchula mtengo wa usipa: wamupatsa talaka, ukwati watha, abwerere kwawo ku Namwera. Apo m'pamene Mwanamvua anazindikira chomwe amayi a pamjigo ankamuyang'anira chammbali kuyambira dzulo lake. Shakila anali atalengeza kale.

Kusikelo sanakafike. Atabwerera anapeza zovala zake zitamangidwa m'chitenje, zili pakhonde. Shakila anali pamkeka akudula zikhadabo.

"Foniyo musiye pompo," anatero osadzutsa mutu. "Anagula ndi achimwene."

Mwanamvua anafuna kulemba kaye nambala ya mayi ake, koma Shakila anali atatambasula kale dzanja. Anamupatsa. Kenako anasenza mtolo wake n'kuyamba kutsika kumsewu pang'onopang'ono, osadziwa kuti ku Namwera awauza bwanji zoti akubwera.