Foni ya Rashidi Yaliranso

Foni ya mwana wanga Rashidi ndimaisunga m'chitini cha ulusi. Tsiku limene mwera unamutenga anaiiwala pamkeka. Ndimaitchajitsabe kumsika, chinthu cha munthu sachisiya kuti chife.

Tsiku lina ndikupeta mpunga, chitini chija chinanjenjemera. Lichero ndinataya. Ine kusukulu sindinapondeko, zilembo ndimangoziona ngati nyerere, ndiye ndinaitanitsa Madina, mwana wa malemuyo, amene amasamala makompyuta a bungwe la asodzi ku Dwangwa. Ntchito imeneyo ndinamuletsa. Ndinati mayina a anthu saunjika malo amodzi, koma ana a masiku ano amamva?

Anafika maso ali psuu.

"Iwe, akufa ayamba kulandira mauthenga?" ndinamufunsa.

"Ayi agogo. Kompyuta yaikulu yosunga mayina a asodzi onse, kuyambira ku Dwambazi mpaka kwa Mwadzama, inapsa. Timakopera zonse n'kusunga pena, koma zimene tinakopera posachedwa zakana kutseguka. Tabwezeretsa za chaka chatha."

"Ndiye?"

"Chaka chatha ababa anali moyo."

Ndinamupatsa foni kuti awerenge. Uthengawo unkati: "A Rashidi, mawa kukhala mwera wamphamvu. Musalowe m'nyanja."

Mawu omwewo ndinamuuza ine m'mawa uja, iye n'kuseka, amvekere, "Amayi inu, mudzatiletsa ndi madzi akumwa omwe."

"Dzina lakelo lisiye m'kompyutamo," ndinatero. "Mmenemo ndiye akumuchenjezabe."

"Agogo, mafoni akulira m'nyumba za amasiye gombe lonse. Andiuza ndichotse onse amene anatisiya. Ena ndachotsa. Koma ababa dzanja likukana. Ndinawafufuta kale kamodzi titatha arobaini, sadaka ya masiku makumi anayi ija."

Ndinamuyang'anitsitsa. Mwana anali ataonda, milomo itauma, chikwama cha laputopu atachikumbatira ngati khanda lodwala. Dzina lija ndinkalifuna, Mulungu ndi mboni. Koma mwana saika bambo ake m'manda kawiri.

"Tsegula chinthu chakocho. Undionetse pokhudza. Koma samala, usandichotsetse wamoyo."

Anatsegula, n'kundilozera kamzere ka nyerere zija. Ndiye anali Rashidi wanga ameneyo. Anandigwira chala, n'kutembenukira kumbali. Ndinati Bismillah, ndinadina.

M'mawa mwake mwera unabweradi, mabwato onse ali pamtunda. Ndinakhala pakhonde chitini chili pamiyendo mpaka mphepo inaleka. Sichinanjenjemere.