Umphawi wa Che Jaffalie

Che Jaffalie anali ndi sitolo ya maukonde m'tauni ya Mangochi, lole yonyamula usipa, komanso ngongole ya msonkho imene ankaitchula monong'ona. Nzeru adazitenga kwa a Bonface, mkulu amene adasesapo kukhoti zaka zingapo, ndiye ankadziyesa loya.

"Ngongole ya boma imaola, Che," adatero a Bonface. "Zaka zake zikadutsa, sangakukhudzeninso. Inu ingokhalani mmphawi mpaka nthawiyo ikwane. Munthu wopanda kanthu amulanda chiyani?"

Che Jaffalie adaugwira umphawiwo ngati ntchito yolembedwa. Sitolo adailembetsa m'dzina la akazi awo, a Asiatu. Lole adaipereka kwa mlamu wawo Sadik wa ku Namwera. Mikanjo yoyera adaitsekera m'sutikesi n'kuyamba kuvala shati yothothoka kolala. Lachisanu kumzikiti, nkhani ya sadaka ikayamba, ankayang'ana kudenga. Akaona galimoto ya nambala ya boma, ngakhale ya anthu a katemera wa ng'ombe, ankathawira m'bafa la eni ake. Ukwati wa mwana wawo wamkazi Hidaya adauchita ndi mbuzi imodzi yoonda, ndipo mbiri ya mbuziyo idafika mpaka ku Monkey Bay.

Zaka zitakwana, adatulutsa mkanjo wonunkha chinyezi, nadzithira mafuta onunkhira, ulendo ku ofesi ya msonkho. Ankafuna kukaona ndi maso awo nkhope za anthu amene adawagonjetsa. Pa tebulo adapeza mayi wachitsikana akudya chinangwa chokazinga.

"Ndine Jaffalie," adatero, chifuwa patsogolo.

"Jaffalie uti, bambo?"

Adatchula maina onse, ndi la agogo awo lomwe. Mayiyo adapukuta zala, nayang'ana pa kompyuta.

"Nkhani yanu idatsekedwa. Palibe chimene tikufuna kwa inu. Wotsatira abwere."

Che Jaffalie adatuluka mtima ukuwawa. Zaka zonsezo iwo ankaganiza kuti boma siligona tulo chifukwa cha iwo.

M'mawa mwake adakwera minibasi ya ku Namwera. Adapeza Sadik akukweza matumba a chimanga palole ija, itapakidwa utoto wina.

"Ndabwera kudzatenga galimoto yanga, alamu."

"Iti, alamu?" adafunsa Sadik mwaulemu wonse. "Iyi ndaigulira injini, matayala ndasintha, misonkho yake ndimalipira ndine. Ngati boma lenilenilo limafika poti lachedwa kufunsa zake, nanga inu?"

Sadik adawapatsa thumba la mbatata ndi ndalama yokwerera pobwerera.

Kunyumba nkhani idali yaifupi. A Asiatu anali atakuza sitolo, akugulitsanso injini za maboti, ndipo msonkho ankalipira nthawi yake, akuti iwo zobisala m'mabafa sangazithe.

"Mapepala akuti sitolo ndi yanga, bambo a Hidaya," adatero osakweza mawu. "Kapena tipite limodzi tikawauze a msonkho kuti tinkanama?"

Che Jaffalie adatsokomola, nafunsa ngati madzi osamba atentha.

A Asiatu si munthu wankhanza. Adawaikira amuna awo mpando pakhonde la sitolo ndi kuwapatsa ntchito yoyeza zingwe. Asodzi achikulire amawapatsabe moni wa ulemu. Koma anyamata a ku Nkhudzi amene adayamba usodzi posachedwa amangofika n'kufunsa, "Madala, abwana alimo?"

Che Jaffalie amaloza m'kati ndi chibwano, n'kupitiriza kuyeza chingwe.