Makina Oyendera Mitala

Nkhani ya makinawo Mwanajuma sanaimve kwa mwamuna wake ayi. Anaimva pampopi, ndipo n'chimene chinamuwawa kwambiri. Mayi wina wogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, wa pakamwa posatseka, ndiye anamuuza kuti a Nassoro abwera kuchokera ku Joni ndi chimakina choyera ngati kafiriji, ndipo chatsikira ku Kalingalinga, komboni ina ya mu Lusaka, kwa Rumaisa, mkazi wamng'ono.

Zinali zaka zija malire atangotseguka, pamene aliyense wokhala ndi pasipoti anasanduka wamalonda. Fakitale imene a Nassoro ankagwirako itagulitsidwa, iwo anayamba kukwera basi kukapikula mawailesi ndi maayironi. Mwanajuma anali nawo ku komboni ya Mtendere kuyambira ali mtsikana, ndipo anawaberekera Mahdi ndi alongo ake atatu. Atakwatira wachiwiri, iye analira, kenako anapukuta misozi n'kugwiritsitsa lonjezo limene bambowo ananena pamaso pa shehe: masiku awiri kuno, awiri uko, ndipo chogulira mmodzi n'chogulira onse. Chitenje chikapita ku Kalingalinga, chinzake chinkafika ku Mtendere. Ngakhale shuga ankachita kugawa pakati.

Tsiku lake litakwana, Mwanajuma anawalandira bwinobwino, madzi osamba, tiyi wamkaka. Anadikira kuti amwe kaye.

"Batate ba Mahdi, namvela ati ku Kalingalinga kuli mulendo wamene akudya malaiti."

A Nassoro anaika kapu pansi. "Ni mashini chabe yosefa mphepo, bamake Mahdi. Ichosa fumbi munyumba. Muziba mwana uja ali na asima, na vimiyala vamene baphwanya pamseu paja vimupaya. Ninapeza imozi chabe."

"Manje ise kuno tipuma chani? Perefyumu?"

Kunena zoona, Mwanajuma anali ndi chifuwa cholimba. Ngakhale utsi wa mbaula sunkamutsokomoletsa. Iye ankadziwa zimenezi. Koma mawu akuti "mwana uja" onena Rumaisa anamulowa ngati munga, ndipo nsanje inamutentha mpaka m'makutu.

"Ngati ni imozi, iziyenda na imwe," anatero. "Kwamene muli, na yeve izinkala kwamene uko. Simunalonjeze so?"

A Nassoro anali munthu woopa Mulungu, woopanso mawu awo omwe. Anagwedeza mutu kuvomera.

Umu ndi mmene makina oyeretsa mpweya analowera m'mitala. Masiku awiri aliwonse bambo a ndevu zaimvi ankawakulunga m'bulangete, kuwamanga pakaliyala ya njinga, n'kumakankha pang'onopang'ono podutsa m'maenje. Anthu a m'njira sanachedwe kuwapatsa dzina: ankati a Nassoro akuperekeza mkazi wachitatu. Mwanajuma atamva anaseka mpaka kugwira nthiti. Kwa iye aliyense woseka anali mboni yakuti mkazi wamkulu sapondedwa.

Makinawo anawayalira kansalu koluka patebulo, n'kuitana anzake a pamzere kuti adzaone. Kanyali kobiriwira kanayaka, makinawo n'kuyamba kung'ung'udza motsitsa. Amayiwo ankaika zikhatho pakamphepo kotulukako, ena kununkhiza, ena kufunsa ngati amaziziritsanso madzi. Chimodzi chokha chinamunyansa: akafukiza lubani wake, makinawo ankameza fungo lonse, nyumba n'kutsala yosanunkhira kanthu ngati kuchipatala. Koma anapirira. Chachikulu chinali chakuti ali kwake.

Kenako inafika Ogasiti, mwezi wa mphepo. Fumbi la Lusaka linadzuka, kulowa m'maso, m'mano, m'mabeseni a madzi. Apa m'pamene Mwanajuma anayamba kuona kuti mwamuna amene akubwera ndi makinawo si yemwe ankabwera kale. Kale a Nassoro akafika ankavula chisoti, kumuseka za tiyi wotsekemera mopitirira, kumufotokozera za akuba a ku Joni mpaka iye kuiwala poto pamoto. M'masiku ake awiriwo dzina la Rumaisa silinkalowa pakhomo. Tsopano ankangokhala pampando, mikanda yopempherera ya tasibihi m'manja, maso pazenera. Mphepo ikawomba malata, zala zawo zinkaima.

Lachitatu lina masana anawaphikira mpunga wa nkhuku, wothira zonunkhira zonse zimene amakonda. Atangosamba m'manja, kamvulumvulu anadutsa pabwalo, kunyamula mapepala ndi fumbi lofiira mpaka dzuwa kuda. A Nassoro anatsala ndi mpunga m'dzanja.

"Kaya ngati atseka mawindo," anatero motsitsa, osadziwa n'komwe kuti alankhula.

Mwanajuma sanafunse kuti ndani. Anayang'ana makina aja patebulo, akupuma mofatsa m'nyumba ya anthu awiri osadwala, ndipo anamvetsa zimene anachita. Palibe anamubweretsera Rumaisa m'nyumba. Anamuitana yekha, n'kumuyalira kansalu koluka, ndipo tsiku lonse mwamuna wake ankangomvetsera kupuma kwake. Anachita manyazi poganiza za mkazi mnzakeyo akubanika uko, koma nsanje inaposa manyaziwo kutalitali.

Anadzuka n'kuzula waya kukhoma. Nyumba inati zii.

"Tengani. Muipeleke. Isabwelenso kuno."

Mumtima ankapempha kanthu kamodzi kokha. Ankafuna a Nassoro anene kuti adzapereka mawa, kuti lero ndi tsiku lake, kuti adye kaye. Akanangonena choncho, ngakhale monama, iye mwini akanawakakamiza kupita, ndipo akanatsala ndi kena kake.

A Nassoro anali ataima kale. Anasamba m'manja mothamanga, kukoka bulangete, kumanga makinawo panjinga. Pakhomo anatembenuka, maso atadzaza misozi, n'kumugwira dzanja ndi manja onse awiri mwaulemu, mmene munthu amagwirira apongozi.

"Mulungu akudaliseni, bamake Mahdi. Imwe ndimwe bamayi ba ise tonse."

Mwanajuma sankafuna kukhala mayi wa aliyense wa awiriwo. Anaima pakhonde, mpango kukamwa chifukwa cha fumbi, n'kumawayang'ana. Ulendo uno sanakankhe njinga ayi. Anakwera, bambo wamkulu chonchija, n'kupalasa choimirira ngati mnyamata, mkanjo ukuuluka kumbuyo, osacheuka. Mwanajuma anafufuza m'zaka zonse za ukwati wawo, tsiku ndi tsiku, kuti apeze limodzi lokha limene munthu ameneyu anathamangirapo chonchi pobwera kwa iye. Njinga inakhota pagolosale iye akufufuzabe.