Duku la a Nasoko

Titamuvula bulauzi, mayi amene ankagwira kumiyendo anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma. M'chipindamo munali amayi awiri a m'mudzimo osambitsa maliro, a Nasoko apongozi ake a malemu, ndi ine gogo wake. Pamphasa panali Stelia, mdzukulu wanga amene ndinalera ndekha mayi ake atamwalira.

Uthenga umene unatipeza kwathu ku Chiosya unati malungo. Ine malungo ndimawadziwa, ananditengera ana awiri. Malungo sasiya zala pakhosi pa munthu. Kumsana kunali mikwingwirima, ina yakuda ya posachedwa, ina yofwifwa yakalekale. Nthiti zinkabonyoka pansi pa dzanja langa ngati dzungu lowola. Pomasula tsitsi lake, chala changa chinalowa pamalo pofewa kuseri kwa khutu. Ndinadzutsa maso. A Nasoko sankayang'ana malirowo ayi. Dzanja lawo linali litakwera lokha n'kukagwira kuseri kwa khutu lawo lomwe, pamwamba pa duku.

"Mvekeni duku," anatero. "Limutsike mpaka m'makutu."

Tinamuveka. Mwambo wake ndi woti chimene maso aona posambitsa maliro chimatayidwa limodzi ndi madziwo. Wochiulula, mzimu wa malemuyo umamulondola mpaka pakhomo. Choncho tinatuluka tili duu. Panja Jailosi, mwamuna wa Stelia, ankalira modzigwetsa, anzake atamugwira uku ndi uku, pafupi ndi bokosi lagalasi limene anakagula ku Boma.

Ine kwathu ana amanditchula kuti agogo Samalani. Sindikana. Ndimaopa mphenzi, ndimaopa zitsime zosavundikira, ndimaopa malole a pamsewu wa kuboda amene amadutsa ngati alibe munthu m'kati. Sukulu sindinapondeko, koma maso ndili nawo. Tsiku limene Jailosi anabwera pangolo kudzaonekera kwathu, ndinaona m'mene anamenyera ng'ombe kumaso chifukwa choti yaima kuti inye. Ndinawauza kuti munthu womenya ng'ombe kumaso musamupatse mwana. Anaseka, nawaika mawu angawo pamodzi ndi za mphenzi ndi zitsime. Jailosi anali munthu wa galimoto, wogula mtedza ndi fodya n'kumawolotsa ku Chipata. Anamutenga Stelia n'kupita naye kwawo ku Mlonyeni, ndipo n'komwe tinakamusiya m'dothi.

Titangobwerako, mwana wanga Greyson, malume ake a Stelia, anandikhazika pakhonde. Anati a ku Mlonyeni apempha Dailesi, mng'ono wake wa Stelia, kuti akadzutse nyumba, ndiye kuti akalowe m'malo mwa mkulu wake pa mwamuna yemweyo. Anati ana awiri a malemu asaleredwe ndi mlendo magazi awo alipo. Anati nkhaniyo idzatha pa tsiku lometa maliro. Za feteleza amene Jailosi ankamutsitsira chaka ndi chaka sanatchule, nanenso sindinatchule.

Ndinati Dailesi ndi mwana, akadali pasukulu. Ndinati nyumba imeneyo si yolowamo.

"Amayi, inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe," anatero Greyson. "Mwaona chiyani? Nenani."

Ndinangoyang'ana Dailesi pabwalopo, akuyanika yunifolomu yake pachingwe. Anali atachapa kale dzulo lake. Masiku onse amenewo ankangoichapa, kuiyanika, kuichapanso.

Kenaka panabwera mayi Luwiza panjinga. Anali wa komiti ya amayi imene inakaphunzitsidwa ku Boma zothetsa nkhanza za m'banja, ndipo amuna ambiri ankamutcha wopasula mabanja. Anati manong'onong'o amupeza. Anati popanda munthu woona ndi maso palibe kumene nkhaniyo ingapite. Pofuna kundilimbitsa mtima anandiuza kuti vutoli si lathu lokha. Kumaphunziroko anawaonetsa kanema wa amayi a ku Palestina, dziko limene Ambuye Yesu anayendamo, amayi ofunda mipango kumutu, akusonkhana ndi kutsegula nyumba zothawirako anzawo omenyedwa.

Ndinamufunsa ngati kumenekonso amayi amasambitsa okha amayi anzawo akamwalira. Anati akuganiza choncho. Ndinati ndiye kuti nawonso alipo ena amene amaona n'kukhala chete. Ndinamuuza kuti apite dzuwa lisanapendeke, ndipo asadzere kumsewu waukulu, malole achuluka. Ndinkaopa Stelia, ndinkaopa apolisi, ndinkaopa galimoto ya Jailosi kuima pakhomo panga. Anakwera njinga yake n'kumapita osatembenuka.

Tsiku lometa linafika. Tinalawirira ku Mlonyeni, Dailesi ali pakati pathu atavekedwa chitenje chatsopano. Amuna anakhala kutsogolo pafupi ndi khola, ife amayi kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango. Kale pometa maliro tinkameta mpala. Masiku ano ambiri amangokhudzitsa lezala pamphumi kuti mwambo uchitike. Popeza ndinali wamkulu wa kuchikazi, lezala anapatsa ine.

Ndinameta ana a Stelia, ndinameta azilamu ake. Kenaka a Nasoko anabwera n'kugwada patsogolo panga. Zaka zonse za ukwati wa anawa ndinali ndisanawaonepo mutu, ngakhale kudambo posamba. Anakankhira duku lawo m'mbuyo pang'ono chabe, malo okwana chala.

"Pamphumi pokha, asewere," anatero.

Dailesi anali atakhala potero, atazolika, akusewera ndi mphonje ya chitenje. Ndinagwira mfundo ya dukulo n'kusolola. Linatuluka lonse. A Nasoko anauma thupi, koma pamaso pa anthu munthu wometedwa sadzuka lezala ili pamutu. Ndinawathira madzi a sopo n'kuyamba kumeta kuchokera pamphumi kumapita kunkhongo.

Imvi zinkagwera pamapewa. Choyamba chinatuluka chipsera chachitali, chokhota ngati chisenga, kuyambira paliwombo. Kenaka china chachifupi, chotukumuka. Nditafika kuseri kwa khutu, lezala inatsika yokha m'dzenje loti mtedza n'kukhalamo osagwa. Amayi amene ankacheza za mtengo wa mchere anasiya mmodzimmodzi mpaka panamveka nkhuku zokha.

A Nasoko anapapasa pansi kufuna duku lawo. Ndinali nditalikhalira.

"Ndani?" ndinawanong'oneza.

"Bambo ake a Jailosi. Mpini wa khasu. Mwanayo ali apo, akuonerera."

"Stelia chinali pomwepa," ndinatero, chala changa chili m'dzenjemo.

"Ndinamva," anayankha. "Ndinali pankhokwe, ndikutonola chimanga. Ndinangopitiriza kutonola."

"Nanga Dailesiyu mudzamusambitsa ndi yani? Ine sindidzabweranso."

Pomwepo mawu anachokera kutsogolo kuti amayi abwere, nkhani ithe. Ndinadzuka dukulo nditalifumbata m'chitenje. A Nasoko akanandilanda, mphamvu anali nazo kuposa ine. Anangoyang'ana pamene linali, n'kudzuka, n'kutsogola mutu uli mbee padzuwa.

Ankhoswe a kuchimuna analankhula nthawi yaitali. Anayamika Stelia kuti anali mkazi wofatsa, wosatulutsa za m'nyumba. Anati moto ukazima pakhomo amapala kwa abale. Greyson anavomera m'malo mwathu, maso ali pansi. Anamudzutsa Dailesi n'kumuimika pakati. Chimene chinatsala chinali choti mayi wa pakhomopo amugwire dzanja n'kumulowetsa m'nyumba ya mkulu wake.

A Nasoko anayenda mpaka pakati pa bwalo. Jailosi anali pampando, mutu wake wometedwa kumene ukunyezimira. Atawaona anasuntha.

"Amayi, valani duku," anatero motsitsa mawu.

Iwo anatembenuka n'kupereka nkhongo kwa amunawo. Anaima choncho, osathamanga, kuti aliyense aone bwino. Akuluakulu ena amene anakula ndi malemu amuna awo anayamba kuyang'ana kukhola. Greyson anayang'anitsitsa dzenje lija, kenaka anayang'ana ine. Ndinakweza dzanja n'kugwira kuseri kwa khutu langa. Pakamwa panga sipanatuluke kanthu, mwambo sindinaswe.

"Nyumba imeneyo isadzutsidwe," anatero a Nasoko. "Igwe."

Ankhoswe anayesa kuseka, amvekere chisoni chawazunguza mutu mayiwa. Koma popanda dzanja la mayi wa pakhomo, mwana salowa m'nyumba. Greyson anaimirira, n'kumugwira Dailesi pamkono, natiuza kuti tizipita. Madzi a pamudzipo sitinamwenso. Njira yonse ndinkacheuka kumvetsera galimoto m'mbuyo mwathu.

Dailesi anabwerera kusukulu. Feteleza chaka chimenecho sanabwere, ndipo Greyson anatha miyezi osakhala pakhonde langa. Jailosi palibe anamugwira. Mayi Luwiza anapita kwa a Nasoko, koma iwo anati mwana ndi mwana, kupolisi sangamutengere. Anabweranso kwa ine, ine ndinamuuza za madzi osambitsira maliro. Ana a Stelia anatsala komweko. Mvula isanathe tinamva kuti Jailosi watenga mtsikana wa kutsidya, mbali ya ku Chipata, kumene nkhani ya duku inali isanafike.

Ndinadzamuona mtsikanayo mwezi wa dzuwa loswa mtengo, pamsika wa ku Boma, nditapita kuchipatala kukatenga mankhwala a miyendo. Amayi ogulitsa tomato, amene amandidziwa, ndiwo anandilozera. Anali wamng'ono ngati Dailesi yemwe, ali ndi pakati. Kutentha konseko duku lake linali litatsika mpaka m'makutu. Wina atamuitana, anatembenuka ndi thupi lonse, khosi osalipinda.

Ndinapita pafupi n'kumugwira dzanja. Ndinamuuza kumene mayi Luwiza amakhala, nyumba ya chitseko chobiriwira kuseri kwa chigayo.

"Mwanawe, samala," ndinatero.

Amayi a tomato aja anafa nazo kuseka. Amvekere agogo Samalani ayambapo, lero mphenzi igwa kopanda mtambo. Mtsikanayo yekha sanaseke. Anaika pansi jumbo yake, dzanja lake n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kuseri kwa khutu.